Dzina Langa Linapita Kale ku Joni

Lolemba, 9 Juni

Pasipoti yatuluka. Yatsopano, ija makina amawerenga okha. Masamba onse oyera mbee. Mwana wanga Idah ali ku Joni, wodwala pakati, BP yakwera. Adokotala akuti opaleshoni pa 20. Pafoni: "Amayi mubwere, ndili ndekhandekha." Ndipita basi.

Lachitatu, 11 Juni

Mu minibasi ya ku Zingwangwa bambo wina kulongolola: masiku ano mayiko amatumizirana mayina a apaulendo, kusintha buku n'kudzivuta, kompyuta siiwala. Ndinatchera khutu. Mpaka ndinapitirira siteji yanga.

Eliness. Mng'ono wanga, nkhope ngati yanga. Zaka zinayi zapitazo ndinamubwereka pasipoti yakale ngati ndikumubwereka chitenje cha ku ukwati. Anapyola masiku ololedwa ku Joni, anamugwira, anamuletsa kulowanso zaka zisanu. Koma analetsa ndani? Mervis. Ine, amene ngakhale Mwanza sindinadutsepo!

Lachinayi, 12 Juni

Kwa Eliness ku Bangwe. Ali phee, akusenda mbatata. "Achemwali, buku lija si tinawotcha? Mukuopa chani?" Kuseka kumene. Ndinafuna kumugenda ndi beseni lomwelo. Ana ake atatu ali pakhonde akundiyang'ana, ndinangotsanzika.

Lachiwiri, 17 Juni

M'basi. Nyemba, matewera, zitenje ziwiri zoberekera. Mwanza tadutsa, Nyamapanda tadutsa. Pasipoti pamakina, chidindo, pitani. Mwina bambo uja ankangobwebweta. Ndadya nthochi, koyamba kumva kukoma chichokere.

Lachitatu, 18 Juni, Beitbridge

A imigireshoni a mbali ya Joni andikhazika pabenchi. Basi yapita, nyemba zanga zili momwemo.

Mayi wa yunifolomu, waulemu ndithu, wanditembenuzira kompyuta. Dzina langa, tsiku langa lobadwa, chiletso chatsala ndi chaka chathunthu. Ndati sindinapondeko kuno chibadwire. Akuti zidindo za zala za amene anagwidwayo zilipo. Zikasiyana ndi zanga, ndilembe dzina la amene anatenga pasipoti yanga, nkhani aitumize kwathu, mwina angandiganizire. Mwina. Ndikakana, basi yobwerera ku Blantyre ilipo masana ano.

Ndikuopa. Ndakwiya. Eliness akamangidwa, ana aja adzalera ndani?

Idah waimba kanayi, sindinayankhe. Opaleshoni ndi mkuja.

Pepala lili pamwendo panga. Ndalemba kale E. Foni yayambanso kulira