Khadi Labwerera mu Envulopu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ine kuno thupi lili bwino, mtima ndiwo wakana kukhala pansi. Kalatayi ndikulembera pabenchi lanu lomwe lija mumsika wa Lilongwe, kasitomala akabwera ndikumaibisa pansi pa zitenje. Ndiyambe ndi zabwino, poti inu munkadana naye munthu woyamba madandaulo asanapatsidwe n'mpando womwe.

Alamu anga, akazi a achimwene anga a Yohane, adachira bwinobwino mwezi wa Meyi. Ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Tsinya lanunso watenga, moti akakuyang'ana umayamba kuganiza chimene walakwa. Kumudzi ku Mitundu chimanga sichidachite bwino chifukwa feteleza tidathira mochedwa, koma soya watipulumutsa. Denga la nyumba yanu lidayamba kudontha cha kuchipinda, achimwene asintha malata awiri. Amwenye aja a sitolo ya nsalu amakutchulanibe. Akuti chimwalirireni inu palibenso wowanenerera mtengo mpaka mutu kuwapweteka.

Tsopano za mdzukulu wanu Tamanda, mwana wanga mmodzi yekhayo. Titangotha zomanga chiliza chanu adapita ku Joni kukaphunzira za tsitsi. Mukadakhala inu mukadamusokera ndalama m'lamba wa nsalu n'kumumanga m'chiuno, monga munkachitira popita kukaoda katundu. Koma masiku ano randi sapezeka. Ndidazungulira mosinthira ndalama monse ku City Centre, yankho n'limodzi, palibe. Anyamata osintha m'misewu ali naye, koma mtengo wake ungagwe nawo pansi. Ndiye ndidangomupatsa khadi langa la kubanki, nditapempha kuti alitsegule lizigwira ntchito kunja. Ine ndinkaika makwacha kuno, iye n'kumatapa marandi uko.

Chimene sindidadziwe n'chakuti khadilo likangogwira ntchito, uthenga unkabwera pafoni yanga. Akagula buledi, foni inkalira. Akagula sopo, inkalira. Dzina la sitolo, ola lake, zonse zinkaoneka. Mukumudziwa Tamanda, kuyankhula adatengera inu, ukamufunsa mafunso asanu amayankha limodzi. Choncho timauthenga timeneti tidasanduka makalata ake. Ndidadziwa kuti amadzuka m'mawa, kuti Lachinayi amadzisangalatsa ndi chipisi, kuti Lamulungu sagula kanthu. Sabata ina adalowa kawiri musitolo ya mankhwala, ine n'kumuimbira pomwepo. Chidali chimfine chabe.

"Mwadziwa bwanji, amayi?" adandifunsa.

Ndidamuuza kuti mayi amangodziwa. Ndidanama, ndipo bodzalo lidandikomera.

Kenaka kwacha idagwa. Ndalama imene inkamufikitsa kumapeto kwa mwezi idayamba kuthera pakati. Ndinkaonjezera, n'kuthanso, mpaka ndidayamba kudya mpamba wa benchi. Tsiku lina ndidatseka msanga n'kukwera minibasi ya ku City Centre. Nditaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi, mtsikana wa pakauntala adandisindikizira pepala n'kundilozera ndi cholembera. Akuti khadi likalowa m'makina otapira ndalama kunja, makina a komweko amadula yawo, banki ya kuno imadula yake, posintha kwacha kukhala randi amadulanso. Utape zambiri, utape zochepa, kudula kwa makinako n'komweko. Mtengo wa randi nawo sugona malo amodzi. Tsono Tamanda ankatapa pang'onopang'ono, ya minibasi lero, ya ndiwo mkuja. Sindinu kodi mudamuphunzitsa kuti mtsikana asamayende ndi ndalama zambiri m'chikwama? Mwanayo ankangomvera inu, koma ine pepala lija nditaliona, mutu udatentha.

Ndidamuimbira nditaima pakhonde pa banki pomwepo, anthu akudutsa.

"Iwe, ukuyesa ndalama ndimatola pansi? Uzitapa kamodzi pamwezi, basi! Ndimaona chilichonse chimene umagula, ndi chipisi chako cha Lachinayi chomwe."

Ndikadalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma pakamwa panga mukupadziwa, mudandipatsa ndinu. Ndidamuuza kuti ndidalakwa kumutumiza, kuti akundithera benchi la agogo ake chifukwa cha chibwana.

"Kani mumandiwerengera?" adatero motsitsa mawu. "Chabwino, amayi. Ndamva."

Adamvadi. Kuyambira pamenepo uthenga unkabwera umodzi pamwezi, m'mawa wa tsiku loyamba, kenaka foni duu mpaka mwezi wina. Za buledi zidatha, za sopo zidatha. Zodula za banki zidatsikadi, mtsikana uja sadaname, ndipo mpamba udayamba kubwerera. Koma Amayi, ndalama imene ndidapulumutsayo ndikadaibweza yonse, n'kuonjezerapo ina, kuti ndingodziwa ngati mwana wanga wadya. Ndikaimba ankayankha mwaulemu, ulemu wopatsa mlendo. "Ndili bwino. Ndatanganidwa pang'ono." Ine ndinkati zimutha yekha, mwana sakwiyira mayi ake mpaka kalekale. Miyezi inayi idapita choncho.

Mwezi uno tsiku loyamba lidafika, foni osalira. Lachiwiri, lachitatu, sabata yathunthu. Ndalama ili phee mu akaunti. Ndikaimba, foni yake imangoitana. Ndidabwereranso kubanki ndikupemphera kuti khadi likhale lawonongeka, kapena alitseka, chilichonse choti ndikalipire munthu.

"Khadi lilibe vuto, mayi," adatero mtsikana yemwe uja. "Kungoti palibe walikhudza."

Masiku amenewo musandifunse. Foni ndinkaisunga m'bulauzi kuti ndiziimva ikanjenjemera, ndipo ikanjenjemera ndinkapeza ndi otsatsa mayunitsi. Mayi wina ndidamudulira nsalu ya maliro pamene ankafuna ya chinkhoswe. Ndikamva anthu mumsika akukamba za zipolowe za ku Joni, ndinkasiya benchi n'kumangozungulira kumbali ya tomato, ndilibe chogula.

Dzulo masana kudabwera Nasibeko, mnzanga uja amakaoda mabulangete ku Joni pabasi. Adaika envulopu pamwamba pa zitenje. Nditsegule, khadi langa. Ndidaigwedeza envulopuyo, n'kuing'amba mpaka pansi, kuti mwina muli kapepala. Mudalibe.

"Usadandaule, ali bwino," adatero Nasibeko. "Wapeza ntchito pasaluni, ndamuona ndi maso angawa. Wanenepa ndithu. Wangoti ndikupatse, akuti sakulifunanso."

Ndiyenera kukondwa, si choncho? Ndakondwadi, mwana wanga ali moyo, akudzidyetsa ndi manja ake. Koma ndidalowa kuseri kwa zitenje n'kulira ngati wamva uthenga wa maliro. Kachingwe kamodzi kamene kadatsala pakati pa iye ndi ine kadali khadi limeneli, ndipo walibweza.

Pali nkhani imene sindidakuuzenipo muli moyo. Mukukumbuka ndili mtsikana, mutandinena pamaso pa anthu mumsika muno kuti palibe chimene ndidzapindule? Ndidathawa n'kukalowa ntchito ya m'nyumba ku Area 12, miyezi isanu ndi itatu osaponda kwanu. Tsiku lina mudabwera wapansi kuchokera ku Old Town, mutasenza kabeseni ka mtedza. Mlonda adakukanizani kulowa, inu n'kuyala chitenje panja pa geti, pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, magalimoto a mabwana akukuthirani fumbi. Nditatuluka mudandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mawu amodzi okha: "Waonda." Mudandipatsa mtedzawo n'kutembenuka.

Ndidabwerera kunyumba mwezi womwewo, ndipo ndidadziwa kuti ulendo wanu uja kudali kupepesa. Koma mawu enieniwo ndidawadikira, Amayi. Ndidawadikira paukwati wanga, ndidawadikira Tamanda atabadwa, ndidawadikira kuchipatala ndikukutembenuzani pabedi. Mudapita nawo. Sindikukuimbani mlandu, kwanu akulu sankapepesa ana. Ndikungokuuzani kuti zidandipweteka, ndipo ndadabwa kuona kuti zikupwetekabe mzimayi wa imvi ngati ine.

Loweruka ndikukwera basi ndi Nasibeko, akuti saluniyo akuidziwa. Pasipoti yanga ndaipeza pansi pa sutikesi yanu, idakali ndi chaka. Benchi ndisiyira alamu. Lero m'mawa ndinakawauza a banki kuti ulendo uno khadi ndiyenda nalo ndine. Mtsikana uja anayambanso kundilangiza za kutapa kamodzi, ine ndinamuuza kuti adule mmene angadulire. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa kuti akandilandira ndi ulemu uja, n'kundipatsa mpando ngati kasitomala wodikira kumangidwa tsitsi. Ndikuopa kwambiri pakamwa pangapa, kuti ndikangomuona ndikayamba kufunsa za lendi ndi mtengo wa randi. Mundigwire lilime kumene muliko.

Moni kwa abambo ngati mumaonana. Ndimakukondani, ndi tsinya lanu lomwe. Ndikulonjeza kuti ndikafika pakhomo pa saluniyo sindikanena kuti wanenepa. Ndikaima pamaso pa anzake onse n'kunena kuti, "Pepa, mwana wanga, ndidalakwa ndine." Akakhala chete, ndikanenanso.

Ndine mwana wanu,
Elube