Geji ya Batire Yakuululani

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Akazi a achimwene anga, a Yohane, anabereka mtsikana, tamupatsa dzina lanu, ndipo kukalipa watengera inuyo. Chimanga chachita bwino, nyemba zokha ndi zimene zinaola ndi mvula. Koma sindikulemberani zimenezo. Ndakukwiyirani, Amayi.

Nkhani yake ndi galimoto yanu ija, yomwe bambo anakusiyirani, yaikulu kwa ine ndi zaka khumi. Chikuikireni m'manda yatizimira panjira kanayi. Komaliza inazima pa msewu wa ku Wenya nditanyamula simenti ya chiliza chanu, mvula ili pafupi. Achimwene analankhula mosabisa: "Ikangozimanso, ndiitana ogula zitsulo a ku Tunduma adzaiphwasule."

Inu munkaidziwa ndi khutu. Ine khutu limenelo ndilibe, ndiye ndinagula geji yoonetsa mphamvu ya batire. A Silungwe, amakaniko a pa Boma aja, amaitcha votimita. Tinakangana m'mawa wonse chifukwa ankafuna kuboola dashibodi yamatabwa, pamalo penipeni pomwe munkaika magalasi anu. Ndinakana, mpaka anaimangirira m'munsi ndi kachitsulo. Atalumikiza mawaya, kamuvi ka gejiyo kanathawira kumbuyo. Anakwawira pansi pa galimoto, n'kutuluka akupukusa mutu. "Yayi mama, iyi njakale chomene. Thupi lake analilumikiza ku pozitivi ya batire, za masiku ano ndi negetivi." Anatembenuza mawaya, kamuvi kanaima pabwino.

Kenako tinaliza injini. Iwo anati galimoto ikakhala yabwino, injini ikalira kamuvi kamakwera, kusonyeza kuti dayinamo ikudzaza batire. Yanuyi kamuvi sikanasunthe. Titayatsa nyali kanayamba kutsika tikuona. Anamasula dayinamo ija, m'kati mwake dzimbiri lokhalokha. "Iyi inafa kalekale," anatero. "Nanga amama anu ankayenda bwanji?"

Ndinakhala pansi, n'kutsamira tayala, zinthu n'kuyamba kubwera m'mutu. Munkaimika galimoto pachitunda nthawi zonse, n'kumati, "Imakonda kuyang'ana mapiri a Mafinga." Chonsecho mumafuna kuti izilira potsetsereka. Tikangofika pakhomo batire munkailowetsa m'nyumba, mukuti mbala zachuluka, n'kuilumikiza ku sola mukuti wailesi ilire. Dzuwa likapendeka munkakana ulendo, mukuti maso. Hutala munkati ndi ya anthu opanda mwambo. Inu, mayi wosajomba kutchalitchi, kutinamiza ana anu zaka zonsezi!

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Achimwene anayamba kale kunena zogulitsa, bambo atangomwalira, ndipo akanamva za dayinamo akanapeza poyambira. Koma ine, Amayi? Miyezi itatu ndinakusambitsani kuchipatala, tinakambirana za minda, za mbuzi, ngakhale za nyimbo ya pamaliro anu. Simukanandinong'oneza? Ndakankha galimoto m'matope ndi nsapato zakuntchito, anthu a panjinga zamoto akundiseka, pomwe nkhani yonse inali sola ndi chitunda.

A Silungwe afunsa ku Karonga, ku Mzuzu, mpaka ku Nakonde. Dayinamo ya mtundu umenewu sinapezeke. Akuti mwina aikonza okha, koma osati mwezi uno. Achimwene akubwera Loweruka kuti tikamange chiliza chija, ndipo iwo geji amadziwa kuiwerenga. Chikundiwawa kwambiri ndi chakuti mboni yokuululani ndaigula ndekha, n'kuiika pamene wokhala kutsogolo aliyense aione.

Ndiye mverani zimene ndachita. Batire ili pa sola kuyambira dzulo. Galimoto ndaiimika pachitunda paja. Duku lanu lobiriwira ndalipachika pa dashibodi, laphimba geji yonse, ndipo achimwene sangayerekeze kulichotsa. Akandifunsa chifukwa chomwe ndaimikira pamenepo, yankho munandisiyira kale.

Sindinakukhululukireni, koma galimotoyi ku Tunduma sipita ine ndili moyo. Moni kwa bambo, ndipo muwauze za dayinamo yawo, ngati nawonso simunawabisire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube