Fodya wa Casilda Savala Lamba

San Juan y Martínez,
Pinar del Río,
12 Febuluwale 2024.

Okondedwa achemwali anga a Eduviges,

Musanawerenge kalata iyi sambani m'manja, mukhale pampando wabwino, wailesi muzimitse. Amene akulemba ndi ine Remigio Carballo, Nduna Yaikulu ya Utsi m'chigwa chino chonse, munthu amene anatha mabenchi anayi kufakitale ya ndudu, amene sukulu anaisiyira kalasi yachinayi chifukwa aphunzitsi zowaphunzitsa zinawathera. Tambala wanga salira ine ndisanakhosomole.

Kalata yanu ndinalandira, ndi madola omwe. Zikomo kwambiri. Mwati ndikagule mabokosi awiri a ndudu za dzina, zija zovala kalamba kagolide m'chiuno, kuti pa ukwati wa mdzukulu wanga Yaimara tisakachite manyazi pamaso pa anthu a ku Havana. Madolawo ndagulira nkhumba. Ikukupatsani moni. Ndudu za m'sitolo sindigula, ngakhale mutanditumizira ndi sitolo yomwe.

Mwakhalitsa ku Tampa, mwayamba kuiwala. Pansi pa bedi langa pali belo lokulungidwa m'makungwa a kanjedza. Ndi fodya womaliza amene mkazi wanga Casilda anasoka ndi manja ake m'chigafa chathu, chaka chimene anatisiya. Patha zaka zisanu ndi zinayi. Akupachika mkangala womaliza anandiuza kuti, "Ameneyu musagulitse, bambo, ndipo musakasute ndi anzanu a madomino aja. Ameneyu ndi wa tsiku la mwanayu." Mwanayo ndi Yaimara, amene tinalera tokha awiri. Namondwe uja anagwetsa zigafa atafika, denga langa litapita kukacheza kwa aneba, madzi akulowa pakhomo, ndinakweza belolo patebulo, n'kulifunditsa matilesi, ine n'kukhala pamwamba pake. Kanema anamira ndikumuona. Ndiye lero mundiuze za bokosi?

Amene wakuthamangitsirani nkhaniyi ndikumudziwa, koma wakuuzani theka. Imvani yonse.

Lamulungu lija kunabwera a Evaristo, bambo a mkwati, asewere anga atsopano. Munthu wa muofesi, nsapato zowala zoti mungapeserepo tsitsi. Titadya mpunga wa nyemba zakuda ndi chinangwa, anatulutsa bokosi la mkungudza n'kulitsegula pang'onopang'ono ngati wansembe paguwa.

"Asewere," anatero, "alendo anga ndi anthu odziwa zinthu. Akangoona kalambaka safunsanso. Izi zonse zinayesedwa pamakina, palibe yokana kukoka. Yoyamba ndi yomaliza n'chimodzimodzi."

"Ngati asilikali," ndinatero ine. "Kodi tikukwatitsa ana kapena tikuyendera perete?"

"Zapakhomo n'zabwino posuta kumunda, madala. Pa ukwati pamafunika dzina."

"Dzinalo lili papepala, bwana. Pepalalo mumasuta?"

Apo ndinatulutsa yanga imodzi imene ndinapichira dzana lake ndi fodya wa chaka chino, n'kuwapatsa monyada.

Achemwali, apa ndinena zoona, poti munazimva kale. Inakana. A Evaristo anakoka, anakoka, masaya kulowa m'kati, makutu kufiira, mitsempha ya m'khosi kuima njo! Utsi osaoneka. Machesi anatha asanu ndi awiri.

"Madala," anatero akupuma, "mwandipatsa ndudu kapena mwendo wa mpando?"

Onse anaseka, ine ndinaseka koposa onse. Koma inu mwana wa m'chigafa mukudziwa tanthauzo lake. Masamba a m'kati anapotana powapinda, njira ya utsi n'kutsekeka. Kulakwa kwa wophunzira wa sabata yoyamba. Ine zaka makumi anayi kufakitale, sanandibwezerepo mtolo ndi umodzi womwe. Ndinanamizira chinyezi. Ubwino wa chinyezi n'ngwoti sichiyankha.

Pochotsa mbale Yaimara anandinong'oneza kuti, "Agogo, tingolandira bokosilo basi. Palibe amene akunyozeni." Mawu a asewere sanandipweteke. Awa ndi amene anandilasa, chifukwa anali achifundo. Munthu ukayamba kumveredwa chisoni ndi mwana amene unkamupukuta mamina, dziwa kuti bokosi lotsatira ndi lako.

Ndinapempha sabata imodzi yoti ndiyesenso. A Evaristo anavomera moseka, n'kuyatsa yawo ya lamba ija kuti andionetse mmene anthu amasutira. Ine sindinayang'ane utsi, ndinayang'ana munthu. Mutu wa ndudu amautafuna ngati nzimbe. Amakoka mothamanga ngati basi ikuwasiya, ndiye moto umakula, fodya n'kuwawa. Itafika theka anayamba kupempha madzi, thukuta lili kamukamu, kenako n'kuisiya m'mbale. Nthawi yonseyi akuiyamikira.

Atapita ndinatola chotsalacho n'kuching'amba ndi chaveta changa, kampeni kathu kodulira masamba kaja. Sindinama, ndi fodya wabwino ndipo anaipichira ndi katswiri. Tsamba lakunja ndinalizindikira, ndi la m'chigwa chathu chomwechino, mwina la kutsidya kwa mtsinje. Vuto lake n'limodzi: amene anaipichira sanawaonepo a Evaristo. Ili ngati suti ya m'sitolo, yosokeredwa aliyense. Masamba a kunsonga, odya dzuwa aja, aukali, anachulukamo. Asewere anga chifuwa chawo n'cha muofesi. Koma angauze ndani kuti ndudu ya dzina imawazunguza mutu?

Ndinatsegula belo la Casilda. Za fungo lake ndisalembe, pepala linganyowe. Asewerewo ndinawapichirira yaifupi, yonenepa, kuti moto usathamange. Tsamba la kunsonga theka lokha, ambiri apakati onunkhira aja, limodzi la m'munsi loyendetsa moto. Kumutu ndinaonjezako tsamba lolimba n'kupota kamchira, kuti mano awo apeze ntchito. Manja anga anavina tsiku limenelo, achemwali, ngati a mnyamata wa zaka makumi awiri.

Lamulungu linalo anabweranso, bokosi lawo lili m'khwapa. Ndinawapatsa. Anaitembenuza uku ndi uku kufuna lamba.

"Ili maliseche," anatero.

"Inunso munabadwa choncho, koma taonani pamene mwafika."

Machesi mmodzi anakwana. Munthu amene sanatseke pakamwa chichokereni ku Havana anakhala chete. Phulusa linaima loyera, lotalika ngati chala, osagwa. Madzi sanapemphe. Moto unadutsa theka, unadutsa pamene pakanakhala lamba, mpaka unayamba kuwaotcha zala. Anaitanitsa kamtengo kotokosera m'mano n'kuibaya kuti aimalize bwino.

"Dzina lake n'chiyani imeneyi?" anafunsa.

"Evaristo. Ina yotero kulibe. Mukampatsa wina adzati n'njofooka."

Anayang'ana bokosi lawo, anayang'ana Yaimara. "Mwana wanga, ukwati ndi wako. Patebulo tidzaike ziti?"

"Za agogo anga aakazi, bambo," anayankha.

Mwauona ulemu wa ana a masiku ano? Thukuta langa, dzina la Casilda.

Asewere sanagonjeretu. Anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwanji tichotse timalamba pa zangazi, tiveke zanuzo, alendo asadziwe?" Ndinawauza kuti tsiku limene fodya wa Casilda adzavale dzina la mwini, nkhumba ija ndidzaimasula ibwerere kwawo, alendo awo adzadye timalambato. Bokosi lokha lopanda kanthu ndalandira, mkungudza sunalakwe. Zawozo akasutira ku ofesi, ndi kapu ya madzi pambali.

Tsopano ndawalamula kuti anditumizire maina a osuta onse, ndi mmene aliyense amasutira: wotafuna, wothamanga, wolankhulitsa mpaka moto kuzima. Akwana makumi anayi. Ya wansembe idzakhala yaifupi, poti amasuta mobisa. Yanu sindifunsa, ndikuidziwa. Yopyapyala, yaitali, ngati zija munkaba m'thumba la atate n'kukasutira kuseri kwa chigafa, wokwapulidwa n'kukhala ine.

Pobwera munditengere mankhwala opaka otentha aja, mabotolo awiri. Bulu wanga Marquesa akuvutika bondo. Mutengenso magalasi owerengera a mphamvu, si anga, ndi a munthu wina amene safuna kutchulidwa. Musabwere ndi timapepala toti fodya amapha. Anayamba kundipha ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ntchito yake ikuyenda pang'onopang'ono ngati ya boma.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Baldomero, muwauze kuti mpando wawo wa madomino ulipo, ndipo kubera kwawo sindinaiwale. Moni kwa ana ndi adzukulu, ngakhale aja amene sadziwa kutchula dzina langa. Dzulo ndinapita kumanda kukamuuza Casilda kuti tapambana. Sanayankhe, koma ndi mmene ankavomerezera zinthu ali moyo. Mubwere ndithu, achemwali. A m'chigafa chija tatsala awiri.

Ine mlongo wanu,
Remigio,
Nduna ya Utsi.

Envelopu ndinamata kale, koma ndaimatula. Mbali imodzi ndapeka. Manja amene anavina aja si anga. Lolemba lija ndinapichira zisanu ndi ziwiri ndi fodya wamba, zonse zinakana. Sichinali chinyezi. Chala changa chachikulu chakumanzere sichimvanso tsamba, papita chaka. Wa Casilda ndinaopa kumuwononga. Yaimara anandipeza m'mawa ndili pabenchi, belo lili chitsegukire, manja ali m'khwapa. Anangondikankha ndi chigongono n'kukhala pamalo panga. Ine ndinkasankha masamba ndi mphuno, iye n'kumapichira. Ndinamuphunzitsa ali wamng'ono, ndimayesa anaziiwala kusukulu ya unamwino kuja. Enawo adzawapichirira ndi iye, ine ndikulamula. Asewere asamve. Bodza ndi limodzi lomwelo. La bulu ndi mwana wake chabe, Marquesa anafa kalekale, mankhwalawo ndi a chala changachi.

Koma yanu ndipichira ndekha ndi manja omwewa. Ikadzakana kukoka, mudzakokebe mpaka makutu afiire, ndipo mudzaiyamikire mokweza. Munandikwapulitsa kokwanira.