Amake Kadona Apita Kukaphunzira Mfuti

Lolemba, 3 Febuluwale
Amake Kadona anyamuka lero. Basi ya asilikali, kachikwama kamodzi, mutu wampala. Ndinawameta ndine dzulo pakhonde, ndi makina anga ometera ndevu. Atadziona pagalasi anaseka: "Bambo a Kadona, mwakwatira mchimwene wanu." Ine kuseka kunandikanika.

Ntchito awalemba yokonza makina a m'chipatala cha asilikali, aja ounikira mafupa. Ntchito yomwe akhala akuigwira kale m'zipatala zina. Koma akuti aliyense wovala yunifolomu ayambe wadutsa maphunziro a nkhondo. Miyezi itatu. Mafoni alanda pageti. Kuimba ndi Lamlungu lokha, nalonso mwa apo ndi apo.

Lamlungu, 9 Febuluwale
Foni zii.

Masana kwabwera alamu, achimwene awo a mkazi wanga, aja anapuma usilikali. Takangana pang'ono, mwaulemu. Ine ndati munthu wogwira timawaya tonga tsitsi, kumukwawitsa m'matope n'kuwononga manja omwe amulembera ntchitowo. Mphunzitsi wa sayansi ngati ine sayamba waphunzira kukhoma mabenchi. Iwo akuti, "Alamu, mabenchi sawombera. Chipatala cha m'tenti chikazingidwa, chipolopolo sichifunsa satifiketi." Akutinso munthu wosadziwa mfuti pakati pa asilikali ndi katundu, wina amafera kumuyang'anira. Yankho labwino landibwerera atakwera kale njinga.

Lachitatu, 19 Febuluwale
Tebulo la amake Kadona pakona lili momwe analisiyira. Kachitsulo kowotcherera mawaya, timasikuluwu m'chitini cha mkaka, wailesi ya aneba ili chitsegulire pamimba. Aneba afunsanso lero. Ndati idikire dokotala wake. Fungo la mtovu wosungunuka lija ndinkadandaula nalo kuti likulowa m'zovala. Lero ndanyamula kachitsuloko n'kukanunkhiza. Kozizira, kopanda fungo.

Tsitsi la Kadona landigonjetsa. Pageti la sukulu yake amayi ena amangondiyang'ana mwachisoni. Kusaluni atchula mtengo, ndabwerera ndi chipeso changa m'thumba.

Lamlungu, 2 Malichi
Aimba! Mawu osasa ngati a kondakitala. Matuza kumapazi, chikhadabo chimodzi chazuka. Anzawo ambiri ndi ana ongomaliza sukulu, amawaitana kuti "Anti". Kuthamanga akukwanitsa, ngakhale kumapeto kwa mzere. Mfuti amaimasula n'kuimanganso msanga kuposa onse, makina ndi makina basi. Koma kuwombera ayi. Amatsinzina chala chisanakoke.

Ine n'kuyamba kuwafotokozera chifukwa chake mfuti imakankha phewa, kuti mphamvu yopita kutsogolo ili ndi inzake yobwerera m'mbuyo, sizoopsa. "Aphunzitsi, nthawi ikutha, ndipatseni mwana." Gawo langa lonse lathera sayansi. Sindinanene n'komwe kuti ndawasowa.

Lachisanu, 14 Malichi
Kusukulu mayeso a pakati pa teremu, mapepala mulu. Kunyumba ndaphikanso chakudya cha anthu atatu.

Alamu amva kwa mnzawo wa kumsasa kuti amake Kadona alephera mayeso owombera. Mwayi watsala umodzi. Akalepheranso, abwereze maphunziro onse ndi gulu lotsatira, apo ayi asaine n'kubwera kunyumba, ntchito n'kuthera pomwepo. Alamu atapita ndadzipeza ndikusesa kuchipinda uku ndikuimba kanyimbo. Manyazi andigwira tsache lili m'manja.

Lamlungu, 16 Malichi
Aimba masana, Kadona ali kwa aneba. Popanda moni. "Bambo a Kadona, inu munanena kale kuti izi n'zosafunika kwa munthu ngati ine. Ingonenani kuti bwera, mawa ndisaina."

Mfundo zonse zinali pakamwa, zosanjidwa bwino, zoti ngakhale alamu sakanaziyankha. Ndipo ndimazikhulupirirabe. Kusatsinzina powombera sikukonza makina ounikira mafupa.

Koma ntchito iyi anailembera makalata zaka zingapo, tsiku lomwe anawaitana anavina pakhonde aneba akuona. Ndipo mkazi wanga sapempha chilolezo. Akanafunadi kubwera, ndikanangomva kugogoda. Ankafuna ndiwasenzere chisankho, kuti mawa likadzawawa adzati ndine ndinawaitana.

Ndati, "Musabwere." Kenako, "Tili bwino kuno." Bodza. Ndamva wina kumbuyo kwawo akukuwa kuti Anti apatse anzawo foni.

Ndakhala pampando wawo mpaka Kadona wabwera kudzapempha madzi.

Loweruka, 22 Malichi
Alamu afika m'mawa, chipewa m'manja. Amake Kadona awomberanso, zipolopolo zina zalowa pachandamale, koma zosakwana. Akuti nthawi ino sanatsinzine. Pepala losainira linali patebulo. Alikankha. Abwereza ndi gulu lotsatira, kuyambira tsiku loyamba, matope onse aja, kumetanso. Kunyumba mwina Ogasiti.

Alamu akuti, "Mlongo wanga ndi msilikali ameneyu." Maso awo ali mbee ndi kunyada. Ndawathirira tiyi.

Chikwatirane ndakhala ndikuwafotokozera zinthu amake Kadona, za mphenzi, za mchere wambiri, za kutseka mawindo. Sanandimverepo. Pa mawu amodzi aja okha, oti asabwere, omwe mtima wanga sunawafune, andimvera.

Kadona akubwera kuchokera kwa aneba, ndikumuona pawindo. Wanyamula duwa, akudumphadumpha. Iye akudziwa kuti amayi ake abwera mu Meyi. Ndiyambira pati, ndimuuze kuti sabwera mpaka Ogasiti?