Beseni la pamalilo a Tisa

Lachinayi, mwezi wa Febuluwale. Lelo mtima wanga sunakhale m'malo.

M'mawa ndinaima pamaso pa makolo pasukulu pano pa Nyampande, wapampando wa Chipani ali pambali panga. Ndinawauza za kolela, kuti madzi akumwa aziwilitsa, ndipo pamalilo aleke kusamba m'manja m'beseni limodzi. Ndinalankhula mokalipa ngati ndikudzudzula ana. Onse anavomela.

Masana tinakaika Tisa, mtsikana wa m'kalasi langa. Anatsegula m'mimba masiku awili okha. Pochokela kumanda, a Mwanza, bambo ake, ananyamula okha beseni kubwela nalo kwa ine. Madzi anali atada kale ndi manja a anthu.

"Sambani, aphunzitsi. Mwana wanga munamukonda."

Ndikanamukana bwanji munthu amene wangokwilila mwana wake? Ndinaviika manja. Makolo aja, amene anali ataima patali, anasendela nasamba onse, poti aphunzitsi asamba.

Kunyumba ndasamba ndi sopo katatu. M'mimba mukulila, kaya ndi njala kaya ndi zomwezo. Koma chondiopsa kwambili ndi mawa m'kalasi. Ndikayamba kuitana maina, winanso akapanda kuyankha...