Dzuwa la pa Bwalo la Bambo

Lolemba, 8 Disembala
Yatha! Miyezi inayi ndikusanja mabuloko m'gemu ya pakompyuta, lero nyumba yathu ya ku Tamale yaimanso, ija anaigumula pokulitsa msewu. Bwalo, khitchini, mtengo wa nimu. Koma kuwala kwake ngati kwa m'chipatala, kopanda mthunzi. Achemwali anga, a Sanatu, abwera Loweruka. Chidwalireni sitiroko amati kwathu sakukukumbukanso. Ndikufuna akuzindikire.

Lachiwiri, 9 Disembala
Wumbei, mphunzitsi mnzanga, wandipatsa kafayilo kosintha kuwala m'gemu. Amati sheda. "Mdala iwe, imvi zonsezi ukusewera gemu? Ana a sukulu akamva, watha." Ndaika, gemu yazima. Ndaikanso, yakana. Ndinali nditalakwitsa foda. Kachitatu, dzuwa! Masamba kugwedezeka, madzi a mumtsuko kunyezimira. Ndinakuwa ndekhandekha, tiyi yense pamalaya.

Lachinayi, 11 Disembala
Kokongola, koma si kwathu. Dzulo lonse ndimadabwa kuti chavuta n'chiyani. Lero masana pasukulu ndinayang'ana pansi: mthunzi wanga waufupi, koma wa m'gemu wautali tsiku lonse. Wopanga shedayu ayenera kuti ndi wa kumaiko ozizira, dzuwa lake limayenda cham'mbali, mwamanyazi. Ndalikweza. Buluu wa kumwamba ndachepetsa, nkhungu ndaisandutsa yofiirira ngati fumbi la hamatani, mphepo youma ija yochokera kuchipululu. Eee, mtima! Mpaka milomo kumva kuuma. Kompyuta yatentha, ikulira ngati chigayo. Ndaipatsa fani yanga. Iyo mphepo, ine thukuta.

Lachisanu, 12 Disembala
Fumbi ndikawonjezera, nimu sakuoneka. Ndikachepetsa, takhala ku Ulaya. Maganizo achuluka, chakudya sichikulowa. Nanga achemwali akangoona mabokosi okhaokha?

Loweruka, 13 Disembala
Achemwali atafika ndinawakhazika pampando, patsogolo pa kompyuta. Ankangoyang'ana, nkhope osasintha. Posowa chochita ndinayamba kusuntha dzuwa pang'onopang'ono kulowera madzulo. Mthunzi wa nimu utakhudza chitseko cha khitchini, anandigwira mkono ndi dzanja lawo lomwe limagwirabe ntchito. "Imitsa pomwepo. Iwe Napari, nthawi yonseyi madzi sunatunge? Bambo akutuluka mumzikiti tsopano, uona." Ndinaimirira ndithu, bambo wa zaka makumi asanu, kufuna ndowa. Anaseka mpaka misozi. "Ndipo chitseko chinali chobiriwira, chitsiru iwe. Windo ili linali uko."

Akana kupita kwawo. Akuti tiyambire kukhitchini.