Ndinadutsa Pasikelo Osaima

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Ine ndili bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula ndi mpando wa lole. Mvula inabwera mochedwa chaka chino, koma munda wanu wakudambo sunatichititse manyazi. Chimanga chakwana, nandolo ndiye wachita kusowa poika. Mbuzi yanu yamwano ija idakalipo, ikudyabe zovala za anthu pachingwe.

Nkhani yaikulu ndi yakuti Agnesi, mwana wanu womaliza, wabereka mwana wamkazi. Koma mwanayo watha milungu isanu alibe dzina, ndipo wolakwa ndine.

Mukukumbukira pasikelo paja, pamene malole ankaima kuti ayezedwe katundu? Mzere unkatalika, madalaivala n'kumang'ung'udza, inu n'kumasangalala chifukwa zitumbuwa zanu zinkatha msanga. Ine ndikafika munkabwera pawindo, n'kundiyang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Iwo akuyeza galimoto, ine ndikuyeza iwe. Wapepuka, sukudya." Ola limenelo ndinkaliyesa lotayika. Ndinali wopusa, Amayi.

Pano zinthu zinasintha. Abwana anatimatira kabokosi kakang'ono pagalasi lakutsogolo, ndipo mumsewu anakwiriramo zoyezera. Lole imayezedwa ikuyenda. Katundu akakhala wosapitirira muyezo kabokosiko kamalira, nyali yobiriwira n'kuyaka, basi umangodutsa. Ndisaname, ndinakakonda, chifukwa ndimafika msanga. Kungoti kamauzanso abwana paliponse pamene ndaima, ndiye kuima popanda chifukwa ndi mlandu.

Agnesi ndi amene anatenga benchi lanu la zitumbuwa lija, ngakhale ogula achepa. Atatuluka m'chikuta anandiimbira foni. "Achimwene," anatero, "dzina mupereka ndinu amalume ake, koma mumunyamule kaye. Dzina la pafoni iyayi." Ndinamuuza kuti Lachinayi ndidutsa ndi simenti, andidikire pasikelo. Za kabokosi sindinaziganize n'komwe, mutu wanga unali pa mzere wakale uja.

Lachinayilo Agnesi anafika m'mamawa, mwana atamukulunga m'chitenje chatsopano. Ine ndikuyandikira, kabokosi kanalira, nyali yobiriwira n'kuyaka. Mwendo unangoponda mafuta wokha mwachizolowezi, kumbuyo kuli lole ina yondithamangitsa. Ndinamuona Agnesi atakweza mwana m'mwamba ndi manja awiri kuti ndimuone. Ine ndinangoliza hutala. Hutala, Amayi, ngati ndikupereka moni kwa wogulitsa makala. Ndinafika ku Ulongwe misozi ili mbwee, manyazi atandigwira.

Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sakuyankha. Alamu akuti abambo mfumu afunsa kawiri za ubatizo, iye akungoti, "Amalume ake ali paulendo." Makani amenewa mukudziwa kumene anawatenga. Paja munkati chibale ndi fupa, sichiwola. Ndikukhulupirira, komabe ndili ndi mantha, chifukwa mlongo wanga ndi mmodzi yekhayu, ndipo wotiyanjanitsa munali inu.

Ndapempha tchuthi cha masiku awiri. Abwana anakwinya nkhope, koma alola. Loweruka ndikwera minibasi, ija imaima pamtengo uliwonse, ndipo sindidandaula ngakhale pamodzi. Agnesi akakanditsekera chitseko ndikakhala pakhonde mpaka makani amuthere. Ndikukulonjezani kuti sindikachoka ndisanamunyamule mwanayo mpaka mkono uchite dzanzi. Kenako ndikamutcha Rozina, dzina lanu. Mundilole ndilitenge, Amayi, chifukwa chitisiyireni papita zaka ziwiri pakhomo paja popanda woliitana.

Ndimakukondani monga kale,
Ndine mwana wanu,
Fabiano